Dzina Labwino Siligulidwa, Ngakhale pa Intaneti

Kuyambira kale, munthu wofuna kumanga sitolo anali kuyamba wayang'ana kumene kwadzera njira. Eni masitolo a m'mbali mwa mseu waukulu wocokera ku Lusaka kupita ku Chipata anali kudziwa kuti nsalu, mcere ndi sopo sizidzigulitsa zokha, zimafuna maso a anthu odutsa. Ndico cifukwa cake timasitolo tinayamba kuphuka poima mabasi ndi pa mphambano za miseu, pamene kuseri kwa mapiri kunatsala nyumba zogonamo cabe. Masiku ano kwabwera mseu wina wosaoneka ndi maso, ndiwo intaneti, ndipo m'mbali mwake anthu ayambanso kumanga masitolo ao amene achedwa mawebusaiti. Lamulo lakale lija likali kugwira nchito: sitolo yopanda njira yofikako, ngakhale ipakidwe utoto wokongola motani, mwini wake amagona ndi njala.

Luso limeneli la masamba olumikizana linayamba m'caka ca 1989, pamene katswiri wa ku Britain, Tim Berners-Lee, amene anali kugwira nchito pa bungwe la sayansi la CERN pafupi ndi mzinda wa Geneva ku Switzerland, analemba maganizo ake a mmene zolemba za pa makompyuta osiyanasiyana zingalumikizirane. M'caka ca 1993 bungwelo linapereka lusoli kwa anthu onse kwaulere. Zambia sinacedwe, pakuti m'caka ca 1994 kampani ya ZAMNET, imene inabadwira pa University of Zambia ku Lusaka, inalumikiza dziko lino ku intaneti. Pa nthawi imeneyo zinali zinthu za m'maofesi ndi za anthu ophunzira kwambiri. Lero foni iri m'thumba la mlimi, ndipo nkhani ya mawebusaiti yafika pa misonkhano ya pansi pa mtengo.

M'mudzi wina wa m'boma la Katete muli kalabu ya amai amene amalima nsawa m'munda wa gulu, kusinja ciponde ndi kuluka madengu. Caka ndi caka dandaulo lao linali limodzi: amalonda oyendayenda anali kufika ndi masikelo ao nthawi yokolola, pamene m'nyumba mulibe ndalama, ndi kugula nsawa pa mtengo umene iwo eni afuna. Amai a pampando a kalabuyo ali ndi mwana wa mlongo wao, mnyamata amene anamaliza sukulu ya sekondale nagwirako nchito ku Chipata m'kasitolo kosindikiza makalata ndi zithunzi. Kumeneko ndi kumene anaphunzira kumanga webusaiti ndi pulogalamu yaulere ya WordPress, imene inatuluka koyamba m'caka ca 2003. Iye anauza azakhali ake kuti kalabu ikakhala ndi webusaiti, eni masitolo a ku Lusaka ndi eni malo ogona alendo a ku Mfuwe adzatha kugula mwacindunji, popanda munthu wa pakati. Amai anakambirana, navomera, natapa ndalama m'thumba la gulu zolipirira dzina la webusaiti ndi malo oisungirako kwa caka cimodzi.

Mnyamatayo anagwira nchito ndi mtima wonse. Anajambula zithunzi zazikulu za munda, za amai ali kuvina ndi za dzuwa likulowa kuseri kwa mapiri. Pamwamba pa tsamba loyamba analembapo liu limodzi la Cingelezi lolandira alendo, ndi pansi pake dzina la kalabu. Tsiku limene anaonetsa nchitoyo pa kompyuta ya ku sukulu, kunamveka nthungululu. Koma mwezi unatha, waciwiri unatha, wacitatu unalowa, foni ya kalabu osalira ngakhale kamodzi. Ku citsime kunayamba manong'onong'o akuti ndalama za gulu zadyedwa pa cibale. Amai a pampando, amene anatsogolera anzao zaka zambiri popanda banga, anayamba kucedwa dala kupita kotunga madzi kuti apeze anzao atacoka.

Lonjezo la mlendo

M'masiku omwewo pa foni ya mnyamatayo panafika uthenga wocokera kwa munthu wosadziwika. Munthuyo anati ndi katswiri wa nchito imene m'Cingelezi ichedwa search engine optimisation, mwacidule SEO, ndiko kukonza webusaiti kuti izipezeka msanga kwa anthu ofufuza pa intaneti. Analonjeza kuti akalandira ndalama zolingana ndi mtengo wa matumba atatu a nsawa, adzaika kalabu pa malo oyamba pa Google m'sabata imodzi.

Nkhaniyi inafika pa msonkhano. Ambiri anati ndi bwino kulipira, pakuti ndalama zoyamba zinali zitapita kale ndipo panalibe wofuna kuti zipite pacabe. Koma ambuya ena amene sadziwa kuwerenga anakweza dzanja.

"Mdzukulu wanga, munthu ameneyu walembera iwe wekha, kapena walembera ndi ena omwe?"

"Ambuya, uthenga wotere amatumizira anthu ambiri."

"Nanga malo oyambawo alipo angati?"

Panalibe woyankha. Msonkhano unagwirizana kuti ndalama zisatuluke kufikira mnyamatayo atafufuza bwino, pakuti safunsa anadya phula. Zimene iye anapeza m'masabata otsatira, powerenga malangizo amene kampani ya Google imafalitsa yokha kwaulere, ndi zoyenera kuti azidziwe aliyense amene ali ndi webusaiti kapena afuna kukhala nayo.

Mmene makina ofufuzira agwirira nchito

Google inakhazikitsidwa m'caka ca 1998 ndi Larry Page ndi Sergey Brin, amene anali ophunzira pa Stanford University ku America. Makina ake amagwira nchito zitatu. Yoyamba ndi kuyendera: mapulogalamu amene anthu amawacha akangaude amayenda usiku ndi usana kucokera pa tsamba lina kupita pa lina, kutsata maulalo, ndiwo malinki, amene amalumikiza masambawo. Yaciwiri ndi kulemba m'kaundula zonse zimene akangaudewo awerenga. Yacitatu ndi kusanja: munthu akalemba mau a cimene afuna, makinawo amasankha m'kaundula masamba amene angamuyankhe ndi kuwaika pa mndandanda, loyenera koposa pamwamba.

Nzeru imene inakweza Google kuposa makina ena akale ndi yodziwika kwa aliyense wokulira m'mudzi. Mlendo akafika kufuna wosula makasu, sachera khutu kwa amene adzitama yekha. Amapita kwa amene anthu ambiri amulozera, makamaka ngati mwa olozerawo muli anyakwawa kapena aphunzitsi aakulu. Page ndi Brin anawerenga ulalo uliwonse wocokera pa tsamba lina ngati umboni, ndipo umboni wa tsamba lodalirika anaupatsa mphamvu yoposa wa tsamba losadziwika. Njira imeneyi inachedwa PageRank. Lero makinawo amayang'ananso zizindikiro zina zambiri, koma umboni wa ena ukali ndi malo ake.

Malo a pa mndandanda umenewu sagulitsidwa. Zimene Google imagulitsa ndi zolengeza malonda, zimene zimakhala ndi cizindikiro cosonyeza kuti mwini wake walipira. Kampaniyo imacenjezanso poyera kuti palibe munthu angatsimikizire mnzake malo oyamba. Amene amalonjeza zotero kawirikawiri amadalira cinyengo, monga kugula maulalo mazanamazana pa masamba acabecabe, kapena kubisa mau pa malo amene munthu sangawaone.

Cinyengo cotere cagwetsa ndi akuluakulu omwe. Mu February 2006, Google inacotsa m'kaundula wake webusaiti ya ku Germany ya kampani yopanga magalimoto ya BMW, kaamba koti inali kuonetsa akangaude masamba odzaza mau obwerezabwereza pamene anthu inali kuwaonetsa zina. Inabwezedwa patapita masiku ocepa, masambawo atacotsedwa. Mu February 2011, nyuzipepala ya New York Times inaulula kuti sitolo yaikulu ya ku America ya J.C. Penney inali kuoneka pa malo oyamba pa mau ambirimbiri, monga madiresi ndi zofunda, cifukwa ca maulalo zikwizikwi ocokera pa masamba osagwirizana konse ndi malonda ake. Eni sitoloyo anati sanadziwe za zimenezi ndipo analeka kugwira nchito ndi kampani imene inali kuwalangiza, komabe Google inawatsitsa pa mndandanda kwa miyezi pafupifupi itatu. Caka comweco makina a Google anasinthidwa kuti azitsitsa masamba opanda nkhani zenizeni, kusintha kumene kunachedwa Panda, ndipo mu 2012 kunabwera Penguin, kolimbana ndi maulalo acinyengo. Ngati makampani a cuma cotere analangidwa, kalabu ya m'mudzi ikanapulumukira pati?

Mnyamatayo anafotokoza zonsezi pa msonkhano wotsatira, ndipo matumba atatu aja anakhalabe m'nkhokwe ya gulu.

Kulambula njira

Tsopano anabwerera ku webusaiti ija ndi maso atsopano. Cinthu coyamba cimene anaona ndi cakuti pa masamba onse panalibe liu loti nsawa, ciponde, dengu kapena Katete. Kangaude amadalira kwambiri mau olembedwa, ndipo kukongola kwa dzuwa lolowa sikumuuza kuti pano pagulitsidwa ciani. Munthu wa ku Lusaka wofuna ciponde sangalembe dzina la kalabu imene sanaimvepo. Amalemba dzina la cinthu cimene afuna, nthawi zina ndi malo ake. Motero mutu wa tsamba loyamba unasinthidwa kuti unene mosabisa katundu ndi dera. Katundu aliyense anapatsidwa tsamba lakelake, lochula muyeso, mtengo, miyezi imene apezeka, ndi mmene angatumizidwire pa basi. Cithunzi ciriconse cinalandira mau ocepa ocifotokoza, amene amathandiza kangaude ndiponso anthu osaona amene foni zao zimawawerengera mokweza.

Iye sanabwereze liu limodzi kakhumi m'ndime imodzi monga amacitira ena, cifukwa wowerenga amatopa nazo ndipo makina amaziona ngati cinyengo. Anasiyanso kudzaza kabokosi kobisika ka mau ofunika kamene akatswiri akale anali kukadalira, popeza Google inalengeza mu 2009 kuti sikawerenga posanja masamba. Tsamba lirilonse analilemba m'zinenero ziwiri. Cingelezi cinali ca eni masitolo a m'mizinda, ndipo Cinyanja ca anthu a kuno kwao. Masamba a Cinyanja ndi ocepa pa intaneti, motero wolemba bwino m'cinenero cimeneci sapikisana ndi khamu. Ngakhale kuti Cicewa cinalowa m'makina omasulira a Google mu 2014, mnyamatayo analemba yekha ndi kuwerengera amai mokweza, kuti akonze pamene pamveka cilendo.

Caciwiri cinacokera kwa azakhali ake. Iwo anamuuza kuti wogula aliyense wodziwa nsawa amayamba wafunsa za kaumitsidwe. Nsawa zosauma bwino zimagwidwa cuku, ndipo cuku cimeneco cimatulutsa poizoni wochedwa aflatoxin amene amaononga ciwindi. "Mwanangu, lemba zimene timayankha tikafunsidwa," anatero iwo. Kwa masiku angapo amai anali aphunzitsi, mnyamata ali mlembi. Panabadwa tsamba lofotokoza mmene kalabu imazulira nsawa pa nthawi yake, kuziumitsa osazisiya pa dothi lonyowa, kutaya zofota ndi zothyoka, ndi kusunga matumba pa thandala kutali ndi cinyontho. Tsamba lotere palibe katswiri wa kutali akanalilemba, pakuti nzeru zake zinali m'manja mwa olimawo.

Cacitatu cinali kulemera kwa webusaitiyo. Mnyamatayo anali ataiyesa pa kompyuta ya ku sukulu cabe. Atayesa pa foni ya azakhali ake, pa malo pamene netiweki ndi yofooka, anadikira mpaka kutopa, ndipo bandulo inatha cithunzi coyamba cisanamalize kutseguka. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Kuyambira mu April 2015 Google inayamba kukweza masamba owerengeka bwino pa foni, ndipo mu 2023 inalengeza kuti yamaliza kusintha kwakuti iziyamba kuwerenga webusaiti monga mmene ionekera pa foni. Malangizo ake amati cinthu cacikulu ca pa tsamba cizioneka pasanathe masekondi awiri ndi theka. Iye anacepetsa kukula kwa zithunzi, anacotsa kanema wa magule amene anali kudziyambira yekha, anakulitsa zilembo, naika nambala ya foni pamwamba kuti munthu akaigunda ndi cala iziimba pomwepo.

Cacinai cinali citetezo. Adiresi ya webusaiti yoyamba ndi zilembo za https imasonyeza kuti zimene mlendo alemba pamenepo zimayenda zobisika kwa anthu a m'njira. Google inayamba kuwerengera zimenezi posanja masamba mu 2014, ndipo kuyambira mu July 2018 pulogalamu yake ya Chrome imacenjeza kuti tsamba lopanda zilembozi si lotetezeka. Wogula akaona cenjezo lotero amabwerera pakhomo. Citetezo cimeneci sicifuna ndalama, cifukwa bungwe la Let's Encrypt lakhala likucipereka kwaulere kuyambira mu 2015.

Dzina ndi la yani?

Panali nkhani inanso imene inakhudza mitima ya amai koposa zonsezi. Dzina la webusaiti silikhala la munthu mpaka muyaya. Limacitidwa lendi, kawirikawiri caka ndi caka, ndipo nthawi ikatha osalipira, wina angalitenge. Maina a dziko lino amathera ndi zilembo za zm ndipo amayang'aniridwa ndi bungwe la ZICTA, koma kaya dzina lithere ndi zm kapena com, mwini wake ndi amene walembedwa m'kaundula. Magulu ambiri amazindikira zimenezi mocedwa, pamene wowamangira webusaiti wasamuka kapena ayambana naye, iye napita ndi makiyi onse.

Mnyamatayo analembetsa dzinalo m'dzina la kalabu. Mau acinsinsi otsegulira webusaiti anawalemba pa pepala nawapereka kwa mlembi ndi msungi wa cuma, ndipo tsiku lolipiranso linalembedwa m'buku la misonkhano pamodzi ndi malisiti onse. Kuyambira tsiku limenelo manong'onong'o a ku citsime anayamba kuzirala, ngakhale kuti wogula anali asanaoneke.

Zitatha izi anafuna mboni. Analembetsa kalabu pa Google Business Profile, njira yaulere imene imaika malonda pa mapu pamodzi ndi nambala ya foni ndi nthawi zotsegulira. Analowanso pa Search Console, imene nayonso ndi yaulere, ndipo imasonyeza mwini webusaiti mau amene anthu analemba kuti amupeze ndi masamba amene akangaude alephera kuwerenga. Maulalo sanagule ngakhale umodzi. Anapempha anthu amene amaidziwadi kalabu kuti aichule pa masamba ao: a ku chalichi, a bungwe la alimi a m'deralo, ndi mwini malo ena ogona alendo amene anagulako madengu kale. Mwezi wa August utayandikira, pamene Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba kudzalemekeza Kalonga Gawa Undi, iye analemba tsamba louza alendo kumene angapeze madengu ndi ciponde ca kalabu.

Kuona maso a nkhono nkudekha. Mvula inagwa, nsawa zatsopano zinabzalidwa, zinamera, ndipo foni inalira zitayamba kucita maluwa. Anali mai wina wa sitolo ku Lusaka, amene ananena kuti cimene camukopa ndi tsamba lija la kaumitsidwe. Poyamba anaitanitsa zocepa kuti alawe, ndipo atakhutira anaitanitsanso. Kalabu sinalemere. Amalonda a masikelo akali kufika, ndipo amai ena amawagulitsabe pamene mwana afuna ndalama za ku cipatala. Koma tsopano pokambirana mtengo amai ali ndi mtengo wina wochula, ndipo wamalonda amadziwa kuti si iye yekha wogula. Webusaitiyo siri pa malo oyamba kwa aliyense wolemba liu loti nsawa, ndipo mwina sidzafikapo. Imapezeka kwa munthu amene afuna ciponde ca ku Katete, ndipo munthu ameneyo ndiye amene kalabu inali kumufuna.

Zinthu za pa intaneti sizikhala malo amodzi. Kuyambira mu 2024 Google inayamba kuika pamwamba pa mndandanda yankho lacidule lolembedwa ndi makina, lotengedwa m'masamba osiyanasiyana, motero ofufuza ena amakhutira osatsegula webusaiti iriyonse. Pa cifukwa ici mwini webusaiti ayenera kulemba zoona zake momveka, mtengo, malo ndi nambala, ndi kuzikonza zikasintha, kuti ngakhale makina akabwereza mau ake asasoceretse munthu.

Makalabu, magulu a alimi, masukulu ndi machalichi a m'midzi amene aganiza zokhala ndi webusaiti acite bwino kufunsa mafunso anai ndalama zisanatuluke m'thumba. Kodi dzina lidzalembetsedwa kwa yani, ndipo makiyi adzasunga ndani? Kodi idzatseguka pa foni ya mtengo wocepa, pa malo pamene netiweki ndi yofooka? Kodi idzanena momveka cimene cigulitsidwa, kumene cipezeka ndi mtengo wake? Nanga ndani wodziwika amene angaicitire umboni? Womanga woona mtima sadzaopa mafunso amenewa. Amene adzayankha ndi lonjezo la malo oyamba m'sabata imodzi, aperekezedwe mwaulemu mpaka ku mseu.

Ndipo njira ikalambulidwa, katundu alingane ndi mau. Wogula amene walandira ciponde cosiyana ndi cimene anawerenga amalemba dandaulo lake pa malo pamene aliyense angaliwerenge, ndipo limakhalapo zaka. Dzina labwino pa intaneti limamangidwa monga limamangidwira m'mudzi, ndi muyeso wokwana, mau oona ndi mboni zosagulidwa.